Chingwe Choyezera Mashoko a Ambulansi

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira kwa Malemia, sukulu ndinalekezera Sitandade 6, basi. Ndikulemba izi chifukwa pamaliro a malume anu mwezi wathawu ndinamva munthu akunong'oneza mnzake kuti, "Si aja anachotsedwa ntchito kuchipatala ataba ndalama za ambulansi?" Inu munali pomwepo. Munazyolika ngati simunamve. Ndiye werengani, kuti tsiku lina mudzakhale ndi choyankha.

Zaka zoyamba, kuminda ya nzimbe

Ntchito yanga yoyamba inali yopatsira masipanala m'galaja ya kuminda ya nzimbe ku Chikwawa. Amene anandiphunzitsa ndi a Juwawo, makaniko wachisena wochokera kutsidya kwa Marka. Kuwerenga sankadziwa. M'thumba la ovolosi yawo munkakhala chingwe, ndipo chitsulo chilichonse cholowa kunsi kwa galimoto ankayamba achiyeza ndi chingwecho. Tsiku lina ananditumiza kusitolo ya kampani kukatenga shoko. Kwa inu osadziwa, shoko ndi chitsulo chonga pampu chimene chimagwira galimoto kuti isamadumphedumphe ikagunda dzenje. Ndinabwera nayo, nambala yake yofanana ndendende ndi ya m'buku. Iwo anaiyeza n'kundibwezera. Ndinati, "Koma nambala ndi yomweyo." Anandiyankha m'chisena chawo kuti, "Nkhabe, ayi. Buku limaidziwa galimoto mmene inalili tsiku lotuluka kufakitale. Iyi yatha zaka khumi kuno, manja ambiri aisintha. Bwerera." Ndinabwerera wapansi, dzuwa likuswa mtengo, ndikuwatukwana mumtima. Koma sindinaiwale. Kumeneko ndinatha zaka zisanu ndi zinayi, ndinatengerako laisensi yoyendetsera galimoto.

Chaka chakhumi, kuchipatala

Ndinalembedwa ntchito pa kachipatala ka mpingo wina m'boma la Nsanje, chakumadambo. Dzina lake sinditchula. Ndinali dalaivala, ndinalinso makaniko, malipiro a munthu mmodzi. Galimoto inali imodzi, yoyera, yokoka mawilo onse anayi. Ntchito yake inali kunyamula amene kachipatalako kalephera kuwathandiza, kupita nawo kuchipatala chachikulu kuboma: amayi ovutika pobereka, asodzi ogwidwa ndi ng'ona, ana otha magazi ndi malungo.

Msewu wathu ndi wamakande. Chilimwe umang'ambika ming'alu yolowa phazi, dzinja umamata ngati ulimbo. Mathalakitala akadutsa amasiya makwawa awiri akuya, pakati pake mtumbira. Dzinja langa loyamba galimoto inkakhala ndi mimba pamtumbirapo, mawilo n'kumangozungulira m'malere, wodwala akubuula kumbuyo. Otikoka anali asodzi a m'mudzi wa m'mphepete mwa dambo, ndipo wowatsogolera anali Tchale, msinkhu wanga, munthu wosachedwa kuvula malaya pakagwa ntchito. Tinakhala mabwenzi m'matope momwemo.

Mvula itatha ndinapita kwa woyang'anira chipatala wa nthawi imeneyo, a Nsona, munthu wamkulu wodziwa kumvetsera. Ndinati, "Galimotoyi ndi yaifupi pa msewu wathu. Ndiloleni ndiikweze." Anandifunsa funso limodzi lokha: "Ikagwa, ndani adzayankhe?" Ndinati ine. Anati, "Kwezani." Ndinapeza masamba a sipuling'i a lole yakufa, zitsulo zosanjikizana zimene galimoto imakhalapo, ndinawonjezera tsamba limodzi pa wilo lililonse, ndipo wosula zitsulo wa ku Bangula anandipindira bwino. Galimoto inakwera zala zinayi.

Apa mvetsetsani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ukakweza galimoto, wilo likagwera m'dzenje limatsika patali kuposa kale. Shoko yakale imakhala yaifupi. Imatambasuka mpaka kutha wilo lisanafike pansi, ndiye kulemera konse kumaikoka, mpaka imazula chitsulo chimene yamangidwapo. Paipi ya mabuleki nayonso imakokeka. Choncho galimoto yokwezedwa siigulidwira mashoko ndi nambala ya m'buku. Umayeza. Tchale anandidulira chingwe cholimba cha ukonde wake, chosatamuka. Ndinanyamula galimoto ndi jeke mpaka wilo kulendewera, ndinamanga mfundo. Ndinaitsitsa, ndinakwezamo matumba a mchenga mpaka inakhala pansi kwenikweni, ndinamanganso mfundo. Mbali imodzi ya chingwe inali ya mawilo akutsogolo, inayo ya akumbuyo. Ndinamanganso mfundo zosonyeza pamene chitsulo chogwira shoko chiyenera kukhala pa chesesi, msana wachitsulo wa galimoto, ndi kutalika kwa mapaipi a mabuleki. Galimoto yonse inali m'thumba mwanga.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinaisunga galimotoyo ndi chingwe chimenecho. Kusowa kunalipo. Mafuta ankatha mwezi usanathe. Mabushi, timphira timene timakhala pamene zitsulo zimakumana, ndinkasema ndi mpeni kuchokera ku tayala lakale. Inu munkadandaula kuti abambo amanunkha girisi ngakhale Lamlungu kutchalitchi. Zoona. Koma kuyambira pamene ndinaikweza, palibe wodwala amene anafera pamtumbira wa msewu uja.

Okutobala wa chaka changa chomaliza

A Nsona atapuma, kunabwera a Kaduya kuchokera ku Blantyre. Anali ndi mapepala a sukulu yaukachenjede, koma msinkhu wake unali wocheperapo kwa mwana wanga woyamba. Ankanditchula kuti "madala", ndi kamwano kakuseka. Chaka chimenecho kunsi kwa galimoto kunali kutatheratu. Mashoko onse anayi ankadontha mafuta, mabushi anali atanyenyeka, mabawuti okhota ogwira masipuling'i anali atadyeka, mapaipi a mabuleki anali ndi ming'alu. Ndinalemba zonse papepala. Patatha milungu itatu anandiitana mu ofesi.

"Madala, ndalama zapezeka, koma ndi zochepa," anatero. "Ndafufuza pa kompyuta. Nambala ya mashoko a galimotoyi ndi iyi. Sitolo ina ku Limbe ili nawo anayi, atsopano, ofiira bwino. Mawa mukatenge."

"Nanga mapaipi a mabuleki ndi mabushi?"

"Chaka chamawa."

"Bwana, mashoko a nambala imeneyo ndi aafupi ndi zala zinayi. Galimotoyi ndinaikweza."

"Opanga galimoto ndi amene alemba nambalayi. Inu mukuposa opanga?"

Ndinatulutsa chingwe ndi kuchiyala patebulo pake. Ndinayamba kufotokoza mfundo imodziimodzi. Sanandilole kumaliza. Anachinyamula ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe wakufa, n'kuitana kalaliki kuti adzaone. "Taonani kompyuta ya madala," anatero. Kenako kwa ine: "Chingwechi mukawedzere milamba. Ine ndimayankha kwa anthu opereka ndalama. Amafuna lisiti la chidindo."

Ndinapinda chingwe changa. Ndinatuluka, chifukwa zimene zinali pakamwa panga sizinali zonena mu ofesi ya mpingo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi, envulopu ili m'kati mwa malaya. Ku Limbe mwini sitolo ananditulutsira mashoko ofiira aja. Ndinakoka imodzi mpaka kutha, ndinayalapo chingwe. Mfundo inapitirira ndi zala zinayi, monga ndinanenera. Ndinafunsa ngati ali nawo aatali. Anali nawo, akuda, olimba, koma ndalama zimene ndinali nazo zikanangokwana awiri n'kutsala pang'ono. Mwini sitoloyo anati, "Achikulire, bwana wanu waimba kale foni. Tengani ofiirawa, lisiti ndikudindirani, mubwerere mwamtendere. Akathyoka si mlandu wanu."

Ndinatuluka kukaima pakhonde. Kunali kutatsala miyezi khumi ndi inayi kuti ndipume ndi kulandira ndalama zanga zopumira. Amayi anu anali atayamba kale kuumbitsa njerwa. Ndikanatenga ofiirawo, palibe akanandinena. Koma pamsewu wathu pali malo otsikira mumtsinje wouma, pamene wilo lakumanja limagwera m'dzenje galimoto ili chopendekeka. Ndinkadziwa chimene chidzachitike pamenepo: shoko izula chitsulo, chitsulo chidula paipi yong'ambika kale, mabuleki athawa, ine ndili ndi mayi wapakati kumbuyo ndi namwino. Mwini sitolo ankati si mlandu wanga. Woyendetsa akanakhala ndani?

Ndinalowanso. Ndinagula aatali awiri atsopano, a kumbuyo kumene kumagona wodwala. Ndi zotsalazo ndinapita kumsika wa zitsulo ku Ndirande. Ndinatha tsiku lonse ndikufukula milu. Shoko yogwirapo kale ntchito umaiyesa ndi thupi lako: umaiimika pansi, umaitsamira ndi chifuwa. Ikatsika msanga, yafa. Ikalimbana nawe kutsika ndi kukwera komwe, ili moyo. Ndinakana zoposa khumi. Ndinapeza ziwiri za kalole kakang'ono, zadzimbiri kunja koma zouma, zosadontha, zofika pa mfundo zanga. Ndinadziwa kuti zitha zaka ziwiri, osapitirira. Ndinagulanso mabawuti okhota atsopano, mabushi, ndi mapaipi a mabuleki aatali. Wogulitsayo analibe chidindo. Anandilembera lisiti papepala long'amba m'kope, n'kusaina dzina lake. Ndalama yotsala, yosakwana ngakhale botolo la zakumwa, ndinaibweza mu envulopu.

Loweruka ndi Lamlungu ndinamanga zonse. Lolemba a Kaduya anagwada, suti ili m'thupi, kusuzumira kunsi kwa galimoto. Anaona dzimbiri. Anadzuka akusasa maondo.

"Ndinakupatsani ndalama za zinthu zatsopano. Mwabweretsa zotola kudzala. Zotsalazo zili kuti?"

Ndinamupatsa malisiti awiri ndi envulopu. Lachidindo anasunga. Lapakope analikweza m'mwamba kuti onse amene anali pamzere wa odwala aone. "Ili ngakhale ine ndikhoza kulemba," anatero.

Ana anga, ndakhala ndikulumidwa ndi zinkhanira, jeke inandiphwanyapo chala. Palibe chimene chinandiwawa ngati mawu amenewo, onenedwa pamaso pa anthu amene ndinawanyamulira ana awo.

Komiti inakhala Lachinayi. Munali abusa, akulu a mpingo atatu ndi a Kaduya. Mmodzi wa akuluwo ndinamuthamangitsirapo mkazi wake kuboma madzi akufika m'zitseko za galimoto. Tsikulo ankangoyang'ana zikhadabo zake. Ndinawapempha chinthu chimodzi: tituluke, ndinyamule galimoto ndi jeke, muone ndi maso anu. Kuchokera pamene anakhala kufika pa galimoto panali mapazi osakwana makumi atatu. Abusa anati, "A Zuze, ife za zitsulo sitidziwa. Tikuona mapepala." Ndinati, "Ndiye tumizani munthu ku Ndirande akafunse mitengo." A Kaduya anati ndalama yaulendo palibe. Anandiuza kuti ndikapepesa ndi kuvomera kuti ndinalakwitsa, adzangondidula malipiro a miyezi itatu. Ndinati, "Kusamvera ndikuvomera. Kuba sindivomera." Anati ziwirizo zili m'kalata imodzi, sangazilekanitse. Ndinaika makiyi patebulo. Chingwe ndinatenga, chinali changa.

Ndalama zopumira sindinalandire. Njerwa za amayi anu zinasungunuka ndi mvula ya chaka chimenecho. Mbuzi zimene munkafunsa kuti zapita kuti, zinapita ku fizi yanu. Ndipo mverani ichi: zitsulo zanga zakudzala sanazichotse, poti ndalama zogulira zina panalibe. Galimoto inayenda nazo madzinja awiri osagona panjira. Ndinamva kuti pamsonkhano wa mpingo a Kaduya anawomberedwa m'manja chifukwa chosamala ambulansi ndi ndalama zochepa.

Januwale, patapita zaka ziwiri

Ndinali kumunda ndikupalira mapira pamene anafika Failosi pa njinga. Failosi ndi amene analowa m'malo mwanga, bambo wa ana anayi, dalaivala wabwino koma wosadziwa sipanala. Anavula chipewa.

"Bambo, galimoto yagona."

"Pamtsinje wouma paja?"

"Mwamva kale?"

"Sindinamve. Wilo lakumanja kutsogolo?"

Anagwedeza mutu movomereza. Mashoko a ku Ndirande aja atatopa, a Kaduya anagula ofiira a nambala yawo ija. Ulendo wachitatu shoko inazula chitsulo pa chesesi, chitsulo chinadula paipi. Mwayi wake munalibe wodwala, ndipo galimoto inakaima pamchenga. Anaikoka ndi ng'ombe. Wowotcherera wa ku Bangula anabwera, koma chitsulo chinazuka ndi malo ake omwe, sankadziwa pochibwezera, ndiponso palibe ankadziwa kutalika kwa mashoko oyenera. Chingwe si mankhwala, aliyense akanatha kumanga chake galimoto ili bwino. Koma ankachiseka, ndiye palibe anaphunzira.

"Abwana akuti mutibwereke chingwe chija," anatero Failosi.

"Anati ndikawedzere milamba. Ndikadawedzabe."

"Bambo, mvula yayamba. Odwala tikuwanyamula pa machira."

"Kauze bwana wako abwere yekha pano. Abwere ndi kalata yonena kuti Zuze sanabe, yodinda chidindo, poti zidindo amazikonda. Akatero chingwe atenga, ine ndemwe ndikamanga ulere."

Failosi anapita. M'mawa mwake anabweranso yekha. Anati abwana atanganidwa ndi alendo. Ndinamubweza. Amayi anu anati, "Bambo, perekani, mlandu wanu Mulungu akuudziwa." Ndinawayankha kuti Mulungu akuudziwa koma anthu a kumsika sakuudziwa. Tsiku lachitatu sikunabwere munthu. Ndinkati mumtima, auma mutu, tione amene ayambe kutopa. Ndikunena zoona, masiku amenewo nsima inkandikomera.

Tsiku lachinayi masana ndinaona Tchale akubwera wapansi, matope mpaka m'maondo. Anakana mpando, anakhala pamphasa. Tinalonjerana. Kenako anandiuza. Mwana wake wamkazi Esinati, amene ndinamuona akukwawa, anali ndi pathupi poyamba. Matenda anamuyamba tsiku limene Failosi anabwera kachiwiri. Mwana anagona mopingasa. Anamwino anati achite changu kupita kuboma. Galimoto inali pamiyala. Anamutenga pa bwato kudutsa dambo, kenako pa machira mpaka kumsewu waukulu, kenako anadikira lole. Anafika tsiku lotsatira. Esinati anapulumuka. Mwanayo, wamwamuna, anamutulutsa atafa.

Tchale sanakweze mawu. Anangofunsa kuti, "Shamwali, chingwe chija chikadalipo?"

"Chilipo."

"Ndinachidula ku ukonde wabwino. Ndinakupatsani kuti chizigwira ntchito."

Anadzuka n'kumapita. Madzi akumwa amene amayi anu anamubweretsera anawasiya pomwepo.

Ndikanapereka chingwe tsiku loyamba, kodi galimoto ikanadzuka nthawi yake? Ndawerengera masikuwo kambirimbiri. Kuwotcherera ndi theka la tsiku. Mashoko akale a ku Ndirande anali akadali m'sitolo ya chipatala, otopa koma aatali bwino, ndipo paipi ndikanalumikiza. Ikanadzuka. Musandinamize, ndipo ine sindidzinamiza.

Tsiku lomwelo ndinabwereka njinga. Ndinafika pachipatala, sindinalonjere munthu, ndinagona kunsi kwa galimoto. Ndinaonetsa wowotcherera pomanga chitsulo. Ndinabwezera mashoko akale aja kuti galimoto iyambe yayenda. Sabata yotsatira ndinapita ndi Failosi ku Ndirande, ndinamuphunzitsa kutsamira shoko ndi chifuwa. Titabwerako ndinamugwiritsa jeke, ndinamukwezetsa matumba a mchenga, mpaka anamanga chingwe chakechake. Masiku onsewo a Kaduya sanatuluke mu ofesi. Ndinkaona katani ikugwedezeka pawindo. Pomaliza anatuma kalaliki ndi envulopu, akuti yothokoza. Ndinafunsa ngati muli kalata. Munali ndalama zokha. Ndinaibweza osawerenga.

A Kaduya anasamutsidwa chaka chotsatira, akuti anakwezedwa. Komiti ija ena anamwalira, ena ndimakumana nawo kutchalitchi, amandipatsa moni wa manja awiri. Palibe anabwerapo kudzanena kuti tinakulakwirani. Ndikadakwiyabe, ndipo ndidzafa nawo mkwiyowo. Tchale timalonjerana tikakumana padoko. Nsomba sanditumiziranso, ndipo ine sindifunsa chifukwa.

Kalata yondichotsa ntchito ili m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi. Lisiti lapakope lili momwemo, ndinalitola pansi tsiku lija. Chingwe chilinso momwemo. Munthu akadzanenanso pamaso panu kuti bambo wanu anaba ndalama za ambulansi, musadzazyolike. Mudzamuyang'ane m'maso, mudzamuuze kuti ndi bodza, ndipo akafuna abwere adzaone. Koma akadzati bambo wanu anaumira chingwe masiku anayi mwana wa Esinati n'kufa, mudzakhale chete. Zimenezo ndi zoona.